ANA A KUNYANJA, TISAKHUTIRE NDI MA PACKAGE: ZA MASTERS YA MAKOMPYUTA

 Uthengawu ndi wautali koma ndi malemba okhaokha, sukudyerani bundle. Werengani mpaka kumapeto. Amene akwiye akwiye, bola awerenge kaye.

Pali bodza limene lamera mizu m'madoko mwathu muno, ndipo lero ndikufuna tilizule. Bodza lake ndi loti mwana wa msodzi akadziwa kutaipa kalata, kuflasha foni ndi kuika nyimbo mu memory card, ndiye kuti za makompyuta wazimaliza. Wina akangotsegula pakamwa kuti akufuna kukachita masters ya Advanced Computer Science, gulu lonse limafa nacho chikhakhali. "Aise, digiri uli nayo kale, ukufunanso chani? Tsegula kashopu ka printing pa trading centre uzidya ndalama. Zinazo ndi za ana a ku Area 43 ndi ku Namiwawa." Olankhula mawu amenewa si adani ayi, ndi anzathu omwe, ena ndi amalume athu enieni. Koma ine ndikuti ndi mawu opha. Akutipha mwakachetechete ngati neti ya udzudzu imene ikukokolola tiana ta chambo m'mbali mwa gombe tisanakule n'komwe.

Ine ndine mwana wa msodzi, ndiye ndilankhula ndi chitsanzo chimene tonse timachidziwa. Pa injini ya boti pali anthu atatu. Woyamba ndi amene amakoka chingwe, injini n'kulira, iye n'kumawongolera. Wachiwiri ndi makaniko wa padoko amene amatsegula kabuleta ndi kusintha pulagi. Wachitatu sitinamuonepo nkhope. Ali ku Japan, kukampani ya Yamaha, ndipo ndi amene anakhala pansi n'kuwerengera kuti pisitoni ikule bwanji, mafuta azilowa ochuluka bwanji, chitsulo chake chikhale chotani. Tsono ndiyankheni. Mwa atatuwa, ndani amaika mtengo? Ndani amene akangoti sipeya iyi tasiya kupanga, doko lonse limagwira njakata?

Ma package a miyezi itatu aja, Word, Excel, PowerPoint, ndiko kukoka chingwe. Ndi abwino, aliyense aphunzire, musandimve molakwa. Digiri yoyamba ya za makompyuta, kaya ku UNIMA ku Zomba, ku MUBAS, ku MUST kapena ku Mzuni, imakupatsa manja a makaniko wodziwa ntchito, ndipo ena amapitirira pamenepo. Masters ya Advanced Computer Science ndi khomo lolowera m'chipinda cha munthu wachitatu uja. Ine mkwiyo wanga ndi woti khomo limeneli tikudzitsekera tokha, wina asanatiuze n'komwe kuti musalowe.

Mkati mwa masters imeneyi muli chani? Dzinali limapezeka kwambiri ku Britain. Oxford ili nayo, Cambridge ili nayo, Manchester ndi Leeds chimodzimodzi. Kumeneko nthawi zambiri ndi ya chaka chimodzi chokha, kuyambira September kapena October. M'mayunivesite ambiri magawo awiri mwa atatu ndi a m'kalasi, lotsalalo ndi kafukufuku wako wekha amene umalemba motsogozedwa ndi mphunzitsi mmodzi. Sakuphunzitsa kuyatsa kompyuta kumeneko. Amayembekezera kuti kulemba mapulogalamu ukudziwa kale ndipo masamu ako ndi olimba. Zimene amakupatsa ndi zozama, ndipo ndikupatsani zinayi zokha kuti muone ngati ndi za ana a ku Namiwawa okha.

*Choyamba, ma algorithm.* Algorithm ndi ndondomeko ya masitepe yothetsera vuto. Tiyerekeze uli ndi lole yogula nsomba, ukufuna kudutsa m'madoko 10 ayezi asanasungunuke. Uyambe doko liti, umalize liti? Njira zosanjira madoko 10 zilipo 3,628,800. Akakhala 15 zimadumpha kupitirira 1.3 trillion. Kompyuta yoyesa njira 1 miliyoni pa sekondi imodzi ingatenge masiku 15 kuti iziyese zonse. Madoko akafika 20, kompyuta yomweyo ingafunike zaka zoposa 77,000. Mwaona? Kugula kompyuta yamphamvu sikuthandiza apa. Chimathandiza ndi mutu wa munthu amene anaphunzira kudula njira zopanda pake asanaziyese, ndi kudziwa kuti yankho lake layandikira bwanji ku yankho lenileni. Vuto limeneli akatswiri amalitcha travelling salesman problem, ndipo makampani onyamula katundu amalipira ndalama zambiri anthu olidziwa. Mayi ogulitsa usipa amene amawerengera kuti ayambire ku Msaka kapena ku Malembo akulimbana ndi vuto lomwelo, kungoti palibe anawauza dzina lake.

*Chachiwiri, makompyuta ambiri ogwira ntchito limodzi.* Kumeneko amati distributed systems. Tonse timatumiza ndalama pafoni. Kasitomala ali ku Limbe, iwe uli padoko, netiweki n'kuduka pakati. Ndalama yachoka uko, kuno sinafike. Ili kuti? Ndani akunena zoona, kompyuta ya ku banki kapena ya kukampani ya mafoni? Kupanga kuti makompyuta awiri otalikirana agwirizane chimodzi, olo wina atazima pakati pa nkhani, ndi limodzi mwa mavuto ovuta kwambiri pa maphunziro amenewa. Leslie Lamport analandira Turing Award ya 2013, mphoto yaikulu kwambiri ya za makompyuta, chifukwa cha ntchito yake pa zinthu zoterezi. Ife timangodziwa kutukwana agent. Agent alibe mlandu, naye amangokoka chingwe ngati ife.

*Chachitatu, chitetezo.* Mu 2013 dziko lino linagwedezeka ndi Cashgate. Ndalama zankhaninkhani za boma zinatuluka kudzera mu IFMIS, makina olipirira a boma. Anthu ankalowetsa malipiro abodza, ndalama n'kutuluka, kenako n'kufufuta mapazi awo m'makinamo. Kumayambiriro kwa 2024 kusindikiza mapasipoti kunaima kwa milungu ingapo, ndipo mu February chaka chimenecho pulezidenti wa nthawiyo, Lazarus Chakwera, anauza Nyumba ya Malamulo kuti makina a ku Immigration alowereredwa ndi anthu ofuna dipo. Inu a ku Mangochi, ndi anyamata angati a kwathu amene ulendo wa ku Joni unaima nthawi imeneyo? Ndiye wina azindiuza kuti za makompyuta ozama sizikutikhudza? Dziko limene lilibe ana ake okwanira odziwa kumanga ndi kulondera makina ake lili ngati mwini boti amene makiyi a injini amasunga ndi munthu wina.

*Chachinayi, machine learning,* kumene kwachokera AI imene aliyense akuitchula masiku ano. Apa ndiye mutchere khutu, chifukwa ndi pamene ife tili ndi chuma chimene ana a m'tauni alibe. Kompyuta siidziwa kanthu payokha. Umaionetsa zitsanzo zikwizikwi zolembedwa maina, iyo n'kumagwira kusiyana kwake. Ukaionetsa zitsanzo zopotoka, nayo imapotoka. Joy Buolamwini, wochokera m'banja la ku Ghana, anachita kafukufuku wa masters yake ku MIT pa mapulogalamu oona nkhope za anthu. Mu 2018 iye ndi Timnit Gebru anatulutsa zotsatira zake. Pa amuna oyera khungu mapulogalamuwo ankalakwitsa osafika 1 pa 100, koma pa akazi akuda khungu ena ankalakwitsa mpaka pafupifupi 35 pa 100. Makampani akuluakulu ngati IBM ndi Microsoft anabwerera kukakonza. Tamverani bwino, ameneyo anali wophunzira wa masters. Anaona chimene ena sankachiona chifukwa iyeyo ndi amene makinawo ankamulakwira.

Tsopano bwerani kunyanja yathu. Nyanja ino ili ndi mitundu ya nsomba yambiri kuposa nyanja ina iliyonse ya madzi opanda mchere padziko lapansi, mazanamazana, ndipo n'chifukwa chake UNESCO inaika Lake Malawi National Park pa mndandanda wake mu 1984. Mu 2018 bungwe la IUCN linaika chambo m'gulu la zamoyo zimene zatsala pang'ono kutheratu. Izi madala athu anazidziwa kale osawerenga lipoti, ankangoona m'khoka. Kuti boma lidziwe kuti m'nyanja mukutuluka nsomba zochuluka bwanji, alangizi a zausodzi amayenda m'madoko ndi sikelo ndi mafomu, ndipo sangakhale pa doko lililonse tsiku lililonse. Pulogalamu ya pafoni yoti ujambule nsomba pa thandala iyo n'kukuuza mtundu ndi kuchuluka kwake ndi yotheka kupanga. Koma ndani aiphunzitse kusiyanitsa utaka ndi mbaba, chisawasawa ndi ndunduma, mcheni wamng'ono ndi usipa waukulu? Pulofesa wa ku Leeds masamu ali nawo, koma nsombazi sanazigwirepo. Iwe unazisankha ndi manja m'bandakucha usanapite kusukulu. Chimene ukusowa ndi masamu akewo basi. Iye kuti aphunzire zimene iwe ukudziwa afunika zaka. Ndiye pakati pa awirinu, ndani ali pafupi ndi yankho?

Ganizirani za mwera. Chaka ndi chaka, nyengo yozizira ikafika, timalira maliro a alovi amene bwato linawatembenukira usiku. A zanyengo amachenjeza pawailesi, inde, koma chenjezo la nyanja yonse silimuuza siginala wa ku Chembe kuti usiku uno, cha m'ma 2 koloko, mbali iyi kuvuta. Kutenga zithunzi za satellite, manambala a mphepo ndi mbiri ya zaka zambiri n'kupanga chenjezo la dera limodzi lofika pafoni ya mabatani m'Chichewa, m'Chiyao kapena m'Chitonga, imeneyo ndi ntchito ya munthu wa machine learning wogwirizana ndi a zanyengo. Pa nyanja za ku Asia akatswiri amawerenga maboti oweza ndi nyali usiku pogwiritsa ntchito satellite. Ife usipa timaweza ndi nyali zomwezo. Funso loti njira imeneyo ingagwire pa nyali zathu zing'onozing'ono ndi mutu wa kafukufuku wa masters wathunthu, ndipo ukudikira munthu.

Tsono ndiyankhe otsutsa, chifukwa ndikudziwa kuti zala zayamba kale kuyabwa.

Gulu loyamba likuti, "Man, Bill Gates anasiya sukulu. Zuckerberg anasiya sukulu. Zonse zili pa YouTube, ChatGPT imalemba code yokha." Chabwino. Bill Gates ndi Mark Zuckerberg anasiya sukulu, zoona, koma sukulu yake inali Harvard. Anali atalowa kale m'chipinda chija, akudziwana ndi anthu ake, makolo awo ali ndi ndalama zowagwira akagwa. Iwe ukasiya, akugwira ndani? Ndipo bwanji simutchula Google? Larry Page ndi Sergey Brin anaiyamba ali ophunzira a PhD ku Stanford, kampani n'kukhazikitsidwa mu 1998. ChatGPT imene inatuluka mu November 2022 yaima pa njira imene ofufuza a ku Google anaifotokoza mu pepala la kafukufuku la 2017. Geoffrey Hinton, amene anakakamira za neural networks zaka zambiri anthu akumuona ngati wotaya nthawi, analandira Nobel mu 2024. Zonse zimene mukuti zapha sukuluzo zinabadwira m'kafukufuku. ChatGPT ikulemberadi code, koma ikalakwitsa imalakwitsa molimba mtima ngati mlovi woledzera amene akukuuza kuti kumtunda ndi uku. Amene sadziwa nyenyezi amangomutsatira. YouTube ndi yabwino, inenso ndimaphunzirapo zambiri, koma YouTube siikubwezera pepala lako ndi inki yofiira kuti apa wanama, kayambirenso. Masters yabwino imakupatsa munthu wokutsutsa, anzako okuposa nzeru, ndi chizolowezi chotsimikizira chimene ukunena.

Gulu lachiwiri likuti, "Mwana wa kunyanja aphunzire za fisheries, ndiye zake." Sindikunyoza za fisheries. Ku Mpwepwe kuli koleji ya zausodzi, ku LUANAR ndi ku Mzuni amaphunzitsa, ku Monkey Bay kuli malo a kafukufuku wa nsomba, ndipo anthu amenewo tikuwafuna kwambiri. Koma ndani analamula kuti mwana wa msodzi malire ake ndi nsomba, pamene mwana wa loya akhoza kukhala chilichonse? Komanso wa fisheries yemweyo lero akufuna munthu womumangira makina osungira ndi kusanthula manambala ake. Akapanda kumupeza kuno, amakamutenga kunja pa mtengo wa madola, ntchito ikatha munthuyo n'kukwera ndege ndi nzeru zake zonse. Makina akafa, timadikira imelo.

Gulu lachitatu ndi limene lili ndi mfundo yolemera, ndipo ndikuilemekeza. Likuti, "Ndalama zake zili kuti?" Zoona zake n'zakuti fizi yokha ya wophunzira wochokera kunja m'mayunivesite otchuka a ku Britain imapitirira mapaundi 25,000, osawerengera nyumba ndi chakudya. Kwacha yathu inagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi mu November 2023. Olo bambo ako atagulitsa boti, injini, chilimira ndi nyali zonse, sizingakwane, ndipo ndikukupemphani, MUSAYESE. Osagulitsa chimene chikudyetsa banja chifukwa cha kalata ya admission. Koma kusowa ndalama ndi nkhani ina, kusafunsira ndi nkhani inanso. Ambiri a ife sitinakanidwepo chifukwa sitinapemphepo.

Tamverani njira zimene zilipo. Chevening ndi ya boma la Britain, imalipira masters ya chaka chimodzi, imafuna kuti ukhale utagwirapo ntchito zaka ziwiri, ndipo ukamaliza uyenera kubwerera kwanu kwa zaka zosachepera ziwiri. Kufunsira kwake n'kwaulere. Pali Commonwealth Scholarship. Pali Beit Trust, imene scholarship yake ndi ya maiko atatu okha, Malawi, Zambia ndi Zimbabwe, kutanthauza kuti sukupikisana ndi dziko lonse lapansi. Pali Rhodes yopitira ku Oxford. Pali Mastercard Foundation imene imalipirira ophunzira a mu Africa m'mayunivesite osiyanasiyana. Ndipo si Britain yokha. Carnegie Mellon, imodzi mwa mayunivesite amphamvu kwambiri pa za makompyuta ku America, ili ndi nthambi ku Kigali, Rwanda, kumene amaphunzitsa masters. AIMS, imene inayamba ku Cape Town mu 2003, imatenga ana a mu Africa odziwa masamu n'kuwalipirira zonse, ndipo mu 2018 inayambitsa masters ya machine intelligence ku Kigali. Georgia Tech kuyambira 2014 ili ndi masters ya Computer Science ya pa intaneti, yotsika mtengo kwambiri poyerekeza ndi kupita komweko, ngakhale kuti kwa ife imafunabe madola, magetsi ndi netiweki yodalirika. Kwathu konkuno nakonso masters za mbali imeneyi zilipo. Rachel Sibande, amene anayambitsa mHub ku Lilongwe, masters yake anachitira ku Mzuni, ya Information Theory, Coding and Cryptography, asanapite kukachita PhD ku Rhodes University ku South Africa. Ndi mayi wa Chimalawi ameneyo, asisi anga a kunyanja mwamva?

Chenjezo pang'ono, poti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Pa Facebook padzaza ma agent olonjeza admission ndi visa ukawapatsa ndalama. Scholarship yeniyeni siigulitsidwa ndi munthu wa pa inbox. Lowa pa website ya yunivesite kapena ya scholarship wekha, werenga wekha. Palinso timasukulu timene tangomata mawu oti Advanced pa kosi yopanda kanthu. Funsa mndandanda wa maphunziro ake. Mulibe masamu? Mulibe kafukufuku? Aphunzitsi ake sanalembepo pepala la kafukufuku olo limodzi? Thawa. Ngati ili ya kuno kwathu, funsa ngati NCHE inaivomereza. Safunsa anadya phula.

Ndipo ndilankhuleko kwa amene masters mukuiona ngati tikiti ya ndege chabe. Ndikumvetsa, kuno kwavuta, sindikuweruzani. Koma dziwani kuti wophunzira ku Britain amaloledwa kugwira ntchito maola 20 okha pa sabata nthawi ya sukulu, ndipo kuyambira January 2024 ochita masters ya m'kalasi ambiri saloledwanso kutenga mkazi, mwamuna kapena ana. Chaka chake n'chachifupi, chimathamanga ngati mpoto. Ukapita mutu uli ku ma shift, udzabwera ndi pepala lopanda kanthu m'mutu, kapena osabwera nalo n'komwe. Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, pita ndithu. Koma pita ndi funso la kwanu m'thumba. Anthu osankha a scholarship atopa ndi makalata oti "ndimakonda technology kuyambira ndili mwana." Iwe ukalembe za alovi amene anamira ndi mwera, za usipa umene umaola pa thandala mvula ikagwa, za mayi amene amagulitsa motchipa chifukwa sadziwa mtengo wa lero ku Lilongwe, ndi mmene maphunziro amenewa angakuthandizire kukonzapo chimodzi. Nkhani imeneyo palibe angakubere.

Wina afunsa, "Nanga ukabwera nayo masters yo, ntchito ili kuti? Si tikuwaona a madigiri akuyenda ndi ma envelopu?" Sindikunamizani kuti ntchito zikudikira pa airport. Koma taonani kumene makina akulowa. Mabanki, makampani a mafoni, MRA, zipatala. Makompyuta ogwira ndi chala olembera odwala anayamba ku Kamuzu Central Hospital mu 2001 ndi a Baobab Health, ndipo ana a Chimalawi ambiri anaphunzirira ntchito pamenepo. Mu 2017 ku Kasungu kunatsegulidwa malo oyesera ma drone, ndipo mu 2020 UNICEF inatsegula African Drone and Data Academy kuno ku Malawi. Mayunivesite athu akufuna aphunzitsi, ndipo sungaphunzitse bwino za makompyuta pa yunivesite ndi digiri yoyamba yokha. Komanso ntchito imeneyi ndi imodzi mwa zochepa zimene ungagwirire kampani ya kunja uli pakhonde ku Nkhotakota, bola magetsi ndi intaneti. Pepala lokha silikupatsa zimenezi. Luso limene lili kuseri kwa pepalalo ndi limene limagulidwa.

Chilankhulo chathu nachonso chili pa mzere. Google Translate inalowetsa Chichewa mu 2014, koma tayesani kuilembera mmene timalankhulira padoko, za chilimira, siginala ndi kauni, muone ngati mugwirizane. Makina amaphunzira kuchokera ku zolembedwa, ndipo zolembedwa zathu pa intaneti n'zochepa. Pali gulu la ofufuza a mu Africa lotchedwa Masakhane limene likulimbana ndi nkhani ya zilankhulo zathu m'makompyuta. Agogo athu amene sadziwa Chingerezi adzalankhula ndi makina a kuchipatala kapena a kubanki m'chilankhulo chawo pokhapokha mdzukulu wina atakhala pansi n'kuphunzira mmene zimenezi zimapangidwira. Tikapanda kutero ife, atichitira ena, ndipo adzatichitira mmene iwo akutimvera.

Ndiye tichite chani? Iwe uli ku sekondale, gwira masamu ngati chingwe cha khoka. Masters imeneyi imayambira pa algebra ya Form 2, osati pa laptop. Ukathawa masamu lero chifukwa aphunzitsi ndi ovuta, wadzitsekera khomo la zaka khumi zikubwerazo. Iwe uli ku yunivesite, leka nzeru yoti bola 50. Mayunivesite abwino amayang'ana magiredi, ndipo transcript siiwala chaka chimene unkangozungulira. Project yako ya chaka chomaliza uichite yeniyeni, osakopera, uiike pa GitHub anthu aione. Dziwana ndi aphunzitsi awiri kapena atatu amene adzakulembere kalata yokuchitira umboni akukudziwadi. Linear algebra, probability ndi discrete mathematics usazione ngati chilango, ndiwo mafupa a zonse ndatchula pamwambapa. Iwe unamaliza kale, CS50 ya Harvard ndi MIT OpenCourseWare ndi zaulere, ukapeza wifi tsitsa. Konzekera IELTS. Tsatira za Deep Learning Indaba, msonkhano wa ofufuza a AI mu Africa umene unayamba ku Johannesburg mu 2017. Funsira chaka chino. Akakukana, funsiranso chaka chamawa ndi kalata yabwino kuposa yoyamba. Tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha.

Kwa madala athu, eni maboti ndi makoka, ndilankhula mwaulemu koma mosabisa. Usipa ukagwa bwino, ndalama zimene zimadutsa m'manja mwanu pa mwezi umodzi ena a m'maofesi saziona. Zimathera kuti? Tonse tikudziwa, sinditchula. Mumati nyanja siuma, mawa tikagwira zina. Nyanja siinaume, koma chambo chija chili kuti? Sindikupemphani mapaundi 25,000. Ndikupempha fizi ya Form 3 ilipidwe pa nthawi yake, mnyamata asakhale pa nyali usiku wonse mawa lake ali ndi mayeso, mtsikana asakwatiwe chifukwa wabwera wa ku Joni ndi foni yaikulu. Ndikupempha laptop yakale imodzi ndi ndalama ya mayeso a Chingerezi kwa mwana amene waonetsa mutu. Mtengo wake sufika pa injini imodzi.

Ndipo kwa ife achinyamata, tileke kuseka mnzathu amene akulota zazikulu. Bundle imene timathera pa kubetcha mpira ndi kuonera ma status ikanatha kutsitsa maphunziro a chaka chonse. Pagulu lililonse la WhatsApp la kwathu kuno pali mmodzi amene masamu ankamumvera kusukulu, tonse timamudziwa dzina. Ameneyo mutumizireni uthengawu mwachindunji, ndipo mumufunse kuti wafunsira kuti chaka chino. Akati sadziwa poyambira, muuzeni alembe pagulu pano, amene tinayendako pang'ono tithandizana kuwerenga makalata. Amene akutsutsa, bwerani ndi mfundo, ndikudikirani. Koma mfundo yoti "si za ife" musabwere nayo, imeneyo ndaikana kale.

Tumizani kumagulu ena a kunyanja.